Kodi nkhupakupa ingamusokoneze munthu mutu?

Mayi wina wandilembera za mchimwene wawo amene analumidwa ndi nkhupakupa. Patapita miyezi ingapo anayamba kuiwalaiwala, kusowa tulo ndiponso kumangokhala ndwii. Atayezetsa magazi, matenda a Lyme, omwe amafalitsidwa ndi nkhupakupa, sanapezeke. Mayiwa akufunsa ngati madokotala aphonya, komanso chimene angapemphe kuti chiyezedwe.

Mayi, pepani ndi matendawa. N'zoona kuti matenda ena ochokera kwa nkhupakupa amafika ku ubongo ndi mitsempha. Koma kuyeza magazi pakokha sikugamula nkhaniyi, kaya zotsatira zikhale zotani.

Dokotala wodziwa ntchito amayamba ndi kufunsa kuti nkhupakupayo inawaluma ali dziko liti. Matenda a Lyme, amene anatchedwa dzina la tauni ya Lyme ku Connecticut, m'dziko la United States, komwe anadziwika m'ma 1970, amapezeka makamaka kumpoto kwa America, ku Ulaya ndi mbali zina za Asia. Amayamba ndi bakiteriya wa mtundu wa Borrelia, ndipo kawirikawiri nkhupakupayo imayenera kukakamira pakhungu kupitirira tsiku lathunthu kuti ipatsire munthu. Ku Ulaya ndi ku Asia kulinso vairasi yotupitsa ubongo yotchedwa TBE, imene ili ndi katemera koma simva mankhwala opha mabakiteriya. Mu Africa muli matenda ena. Ena amasiya kachilonda kakuda pamene nkhupakupa inaluma. Ena amafalitsidwa ndi nkhufi: thupi limatentha masiku ochepa, n'kuzizira, kenako n'kuyambiranso, moti ambiri amangoti ndi malungo. Kachilombo kake kamaoneka pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono ngati magazi atengedwa thupi likutentha.

Chachiwiri ndi zimene thupi linaonetsa. Lyme nthawi zambiri amayamba ndi kufiira kwa khungu kumene kumakula mozungulira pakati pa masiku 3 ndi 30 chilumidwireni. Pakhungu lakuda malowa amangooneka ngati mkwingwirima, ndipo savuta kuwaphonya. Akafika ku mitsempha sabisala kwenikweni. Mbali imodzi ya nkhope imalefuka: diso limakana kutsinzina, pakamwa pamakhota, munthu akamamwa madzi amatayikira pachibwano. Ena amamva ululu wowotcha wochokera kumsana kutsikira m'mkono kapena m'mwendo, umene umakula usiku ndipo sumva mankhwala wamba. Enanso mutu umawawa, khosi n'kuuma. Afunseni achimwene anu modekha ngati anaonapo chimodzi mwa zimenezi.

Tsopano za magazi. Kuyezaku sikufunafuna kachilomboko ayi, kumafunafuna asilikali amene thupi lapanga polimbana nako, ndipo kumachitika kawiri: koyamba ndi ELISA, kenako kuyeza kwina kotsimikizira, monga Western blot. Asilikaliwa amatenga milungu ingapo kuti aoneke, choncho woyezetsa msanga angauzidwe kuti alibe matenda pamene ali nawo. Koma pakadutsa miyezi, monga mmene zilili ndi achimwene anu, kusapezeka kwa asilikaliwa kumachepetsa kwambiri mwayi woti vuto ndi Lyme. Ndipo ngakhale akanapezeka, amakhala m'magazi zaka zambiri munthu atachira kale, komanso chindoko chimatha kusokoneza zotsatira. N'chifukwa chake dokotala akakayikira kuti matenda alowa mu ubongo amatenga madzi a mumsana, n'kuona ngati muli maselo oyera ambiri ndiponso ngati asilikaliwo akupangidwira momwemo. Zikatsimikizika, amapereka mankhwala opha mabakiteriya a doxycycline kapena ceftriaxone kwa milungu iwiri kapena itatu.

Nanga kukhumudwaku? Kafukufuku wamkulu wa ku Denmark wa 2021 anapeza kuti anthu amene anapezekapo ndi Lyme kuchipatala ankadwala matenda a maganizo mochulukirapo kuposa anzawo. Komabe malangizo a mu 2020 a mabungwe a madokotala ku America, kuphatikizapo IDSA, bungwe la akatswiri a matenda opatsirana, amati munthu asamangoyezedwa Lyme chifukwa cha matenda a maganizo okha popanda zizindikiro zina. Ine ndimagwirizana nawo. Zimandipweteka mtima kumva za mabanja amene amawononga chuma potumiza magazi kumalo oyezera osavomerezeka, wodwala n'kumamwa mankhwala opha mabakiteriya miyezi yambirimbiri, pamene vuto lenilenilo likukula.

Bwererani kwa dokotala mutalemba papepala mwezi umene analumidwa, malo ake, ndi mmene zizindikiro zinatsatirana. Pemphani awapime mitsempha bwinobwino, ayezenso chithokomiro, vitamini B12, HIV ndi chindoko, chifukwa zonsezi zimatha kuiwalitsa ndi kufooketsa maganizo. Chithandizo cha kukhumudwa chiyambe panopa, chisadikire zotsatira. Ndipo ngati achimwene anu ayamba kulankhula zosokonekera, kukomoka, kuuma khosi, kapena kunena zofuna kudzipha, musawasiye okha: pitani nawo kuchipatala tsiku lomwelo.