Za kalasi ya akuluakulu ku laibulale musandikumbutse

Achemwali, funso lanu loti mayi anu muwalembetse kapena ayi ku maphunziro a akuluakulu omwe alengeza ku laibulale landitokosa pachilonda. Nsomba ndamusiyira mwana pa benchi kuti ndikuyankheni. Ndilemba zambiri, wotopa adumphe.

Ine zinandionekera mu 2023. Freddy atadutsa mu Malichi muja madzi analowa m'nyumba kulekeza m'chiuno, sutikesi yomwe ndinkasungamo mapepala tinakaipeza m'matope kuseri kwa khola patatha masiku anayi. Satifiketi yanga ya JCE ya 1996 inali phala lenileni. Linali pepala lokhalo losonyeza kuti nanenso ndinapondako ku sekondale, poti Fomu 3 ndinalekezera panjira, fizi inavuta. Ndiye titachoka ku kampu, mwezi wa Meyi, ndikumva akulengeza kutchalitchi kuti ku laibulale kwabwera bungwe lodzaphunzitsa akuluakulu kompyuta miyezi itatu, ulere, pomaliza satifiketi. Laibulale yake ndi bungwe lake sinditchula, a admin angandichotse mu gulupu, koma ena a kuno kuchigwa mwadziwa kale. Ine mutu unali pa ngalande yaikulu ija yochokera ku Kapichira. Ndinkati minda yothirira ikadzayamba makoparetivu adzafuna alembi odziwa kompyuta, ine kulemba ndimatha, mabuku a banki mkhonde ndasunga zaka zisanu osasowa ngakhale K50. Ndinalembetsa tsiku loyamba lomwelo.

Tinalipo anthu 24, makompyuta 6, oyaka 4. Lachiwiri ndi Lachinayi, 2 koloko mpaka 4 koloko. Kabaza K1,500 kupita, K1,500 kubwera, ndipo masiku amenewo benchi ndinkatseka masana, ndiye werengani nokha zomwe ndinkataya. Mphunzitsi wake kamnyamata koti ine ndikukwatiwa kanali kasanabadwe. Kankafika 3 koloko itadutsa, mahedifoni m'khosi, n'kuyamba kuyankhula Chingerezi chothamanga ngati kakuwerenga nkhani pa wailesi. Munali amayi anayi ochokera kutsidya kwa Shire, oyankhula Chisena, mmodzi atafunsidwa ngati wamva anayankha kuti "nkhabe", kutanthauza ayi, basi dzina lawo linasanduka lomwelo, tsiku lililonse "a Nkhabe bwerani kuno mudzagwire mausi", kalasi yonse kuseka. Mayi aja anabwera masabata awiri, sitinawaonenso. Ine ndinaseka nawo tsiku loyamba, ndisaname, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Theka la masiku sitinayatse kompyuta n'komwe. Mphunzitsi uja kumangoti magetsi, Kapichira, Kapichira. Inde namondwe Ana anaononga Kapichira mu Januwale 2022 ndipo tonse mdima tinauona, koma chaka chimene ndikunenachi makina anali atayambanso kugwira, babu la pakhonde likuyaka iye akutiuza kuti kulibe magetsi. Anatijambulira kiyibodi pa katoni ya sopo kuti tizidina pamenepo. Mayi wa zaka 44, ana anayi, kudina katoni. Koma rejisitala ndiye sinkaphonya, tsiku lophunzira ndi losaphunzira lomwe kusayina, ndipo pambali panali danga lolembedwa thiransipoti lomwe ankaliphimba ndi chikhatho tikamasayina. Ndalama ya thiransipotiyo palibe anaionapo. Kumapeto kwa Ogasiti anatiuza kuti aliyense apereke K12,000 yosindikizira satifiketi ku Blantyre, pepala lake ndi lolimba, la chidindo chagolide. Ndinafunsa lisiti, akuti mayi simundikhulupirira? Ndinachita manyazi, ndinapereka. Ndalamayo ndinabwereka ku banki mkhonde komwe ine ndemwe ndili mlembi.

Tsono tsiku lake. Lachisanu pa 8 Sepitembala, tsiku lokumbukira kulemba ndi kuwerenga padziko lonse, anati mwambo wopereka masatifiketi uchitikira limodzi. Ndinadzuka 4 koloko, ndinasita diresi ndi simbi ya makala, ndinamanga duku latsopano. Bambo a kunyumba anajomba ku ganyu kuti andiperekeze, mwana wanga wamkazi wa Fomu 2 ndinamupemphera kusukulu kuti adzaone amake akulandira pepala. Makabaza atatu. Tikufika tapeza tenti, mipando yapulasitiki yobwereka, zokuzira mawu, galimoto ziwiri zoyera za alendo ochokera kumtunda zaima pansi pa mtengo wa nimu, madalaivala akudzipepesa mphepo ndi nyuzipepala poti kutentha kwathu kuno sanakuzolowere. Mkati makompyuta onse 6 apukutidwa, pamwamba aika maluwa apulasitiki. Anatilowetsa kaye kuti atijambule. Ine anandikhazika pa kompyuta yakufa ija ya pakona, yomwe chiyambire sinayakepo, n'kundiuza kuti mayi ikani zala pa kiyibodi, mwetulirani, wojambula aima cham'mbali sikirini isaoneke. Ndinamwetulira. Chithunzi chimenecho ndikhulupirira chili mu lipoti lina lake mpaka pano.

Titatuluka panja, zoyankhula zinatenga maola awiri, dzuwa likuswa mtengo. Kenako mlendo wolemekezeka, mayi ndithu waulemu wake, anati akufuna aone mmodzi mwa ophunzira akulemba dzina lake pa kompyuta. Kamnyamata kaja kanayang'anayang'ana n'kuloza ine, poti kankadziwa kuti zilembo ndimazidziwa. Anabweretsa laputopu yake pa tebulo kutsogolo kwa anthu onse. Achemwali, laputopu ndinali ndisanaigwirepo. Mausi palibe, pali kabwalo kaja kopalasa ndi chala. Ndikapalasa kamuvi kathawira kukona, ndikapalasanso kasowa. Thukuta likuyenderera kumsana mpaka m'chitenje, zala zanyowa, kabwaloko sikakumvanso. Ana a sukulu omwe anawabweretsa kudzaimba ayamba kuseka chapansipansi. Iye n'kuwerama, maikolofoni ali nayo m'manja osazimitsa, amvekere, "Mayi awa ndi aja ochedwa kugwira, tayesetsa nawo." Mawu kutuluka pa zokuzira mawu, msika wonse kumva. Ndinayang'ana kumene kunali mwana wanga, anali atazolika, nkhope wabisa m'manja. Bambo ake akungoyang'ana nsapato zawo. Ndinkafuna nthaka ing'ambike.

Sizinathere pomwepo. Ayamba kuitana mayina. Ndikuwerenga chamumtima, loyamba, lachisanu, lakhumi, kukudzuka anthu oti m'kalasi sitinawaonepo. Mtsikana wina wa jini yothina yemwe tonse timadziwa kuti ndi chibwenzi chake. Mnyamata wina wogulitsa mayunitsi, msuweni wake. Mkazi wa munthu wina wamkulu pamalopo. Masatifiketi 20 atha, manja aombedwa, ife asanu ndi awiri amene tinkabwera tsiku ndi tsiku, ena kuoloka ndi bwato, tangokhala ndi Fanta wofunda m'manja. Ndinamutsatira kuseri kwa tenti, akuti mayina anu anasokonekera kosindikiza, abwera sabata yamawa. Sabata yamawayo ndi ino tili lero. Foni yake inasiya kupezeka mwezi usanathe, pulojekiti akuti inatha. Mu Novembala kwacha n'kugwa ndi 44 peresenti, ine ndikubwezabe ngongole ya pepala lomwe sindinalione.

Chimene chimandipsetsa mtima si K12,000 ayi. Ndi kutiyesa zitsiru. Anthu amenewa amadziwa kuti kuno kuchigwa dzina lathu limagula ndalama kunja, kusefukira kwa madzi 2015, Idai 2019, Ana, Freddy, chithunzi cha mayi wa duku ali pa kompyuta ndi ndiwo zawo. Amatsika Thabwa m'mawa galasi atatseka, pofika 3 koloko akwera kale kubwerera kozizira, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene amabwera mwakabisira Lachiwiri wamba kudzaona ngati kalasi ikuchitikadi. Akanabwera kamodzi kokha akanatipeza tikudina katoni ya sopo. Kutidyera masuku pamutu kwenikweni. Ndipo amuna ena a m'kalasi mwathu nawonso ndimawadandaula, kunja amalalata kuti tikamuonetsa, tsiku la mwambo onse zii, poti mayina awo anatuluka. Iwe kamnyamata iwe, ngati uli mu gulupu muno ndi dzina lina, ukudzidziwa. Mayi uja unamutcha wochedwa kugwira ndi amene akulemba izi, wekha ona kutalika kwake.

Ndiye ndikatsata mkwiyo wanga achemwali, ndinganene kuti mayi anu asapite. Munthu wamkulu kumuchititsa manyazi pagulu sachira msanga, ine ndinatha miyezi iwiri ndikulambalala msewu wa ku laibulale.

Komabe ndinene chilungamo, amene anandibweza ndi mayi wa pa laibulale pomwepo, woyang'anira mabuku, yemwe za bungwe lija sizinkamukhudza, iwo anangobwereka chipinda. Anandipeza pamsika akugula usipa, amvekere mayi bwanji munasiya kubwera, bwerani Lachitatu m'mawa kukakhala kulibe anthu. Ndinapita mokakamizika. Anandikhazika pa kompyuta yoyaka, anatseka chitseko kuti ana a sukulu asasuzumire, n'kundisiya ndilakwitse mmene ndingathere. Masabata asanu ndi limodzi ndinali nditadziwa kulemba kalata, kuisunga, kuitsegulanso, ndi kuika masheya a banki mkhonde m'timabokosi kuti iwonkhetse yokha. Sanandilipiritse kalikonse kupatula ya khadi la umembala, lisiti n'kundipatsa ndisanapemphe. Pano ndimapita kukawerenga nyuzipepala, Tamvani wa Loweruka ndimamupeza Lolemba, Boma Lathu akafika amandisungira. Kuli timabuku ta ulimi tomwe tinandithandiza pa mbozi za thonje. Kunabweranso alangizi kudzakamba za akuba a pa foni aja amati mwawina, tumizani nambala yachinsinsi, ndipo tsiku limenelo agogo ena anatuluka akuthokoza kuti takhuta, takhuta, poti anali atatsala pang'ono kuberedwa. Ndiye kunena kuti ku laibulale kulibe phindu ndingachimwe.

Choncho apite, koma inu mutsogole. Kafunseni kaye kuti maphunzirowo ndi a laibulale eniake kapena ndi alendo obwereka chipinda, ndipo ngati ndi alendo ofesi yawo ili kuti, osati nambala ya foni yokha. Mwanena kuti mayi sanapite patali ndi sukulu, ndiye za kompyuta ziyambe zadikira, afunseni a zachitukuko cha m'madera ku ofesi ya DC kapena mlangizi wa kwanuko za sukulu ya kwacha, kumene amayamba ndi a e i o u ndi kuwerengera ndalama, ndipo ophunzira anzawo ndi amsinkhu wawo. Mufunsenso kuti wophunzitsayo Chisena kapena Chimang'anja amamva, chifukwa mayi wamkulu akangosekedwa kamodzi pa kayankhulidwe sabwereranso, ndinaona ndi maso anga. Muwayezetse maso. Ena amene amatchedwa ochedwa kugwira vuto ndi loti zilembo sakuziona, magalasi owerengera a pamsika amasintha zinthu. Nthawi nayo muione, kalasi ya 2 koloko masana mu Okutobala ndi Novembala pansi pa malata opanda siling'i, kutentha kukupitirira madigiri 40, ndi chilango, ndipo miyezi ya kudimba madzi akangophwa palibe mayi angasiye chimanga ndi mbatata kuti akakhale pa benchi. Ndalama iliyonse lisiti, akati simundikhulupirira muziti eya sindikukhulupirira. Posayina achotse dzanja papepala muwerenge mzere wonse. Kujambulidwa akane, ngakhale kunena zoona tsiku la mwambo ndi lokoma, kumakhala magule ndi mpunga, ine ndikanapatsidwa pepala langa bwenzi chithunzicho nditachipachika pabalaza.

Za satifiketi musaziike kumtima, ilibe ntchito kwenikweni, chachikulu ndi kudziwa. Koma ngati alonjeza kuti ipezeka, mayina alembedwe pa bolodi sabata imodzi mwambo usanachitike, aliyense adzionere yekha dzina lake, ndipo mayi anu asachoke pamalopo opanda pepala m'manja, zoti libwera sabata yamawa musalole. Ine langa ndikulifunabe.

Ngati muli cha kufupi ndilembereni ku inbox, tsiku loyamba ndiwaperekeza ndine, ndikakhala kumbuyo ndi foni yanga ndione mphunzitsi wake mmene akuyankhulira ndi akuluakulu. Lachitatu lokha ndiye ayi, ndimakhala ndili pa kompyuta kuyambira 8 koloko.