Funsani Makaniko: Madzi a Sopo m'Mabuleki

FUNSO: A Makaniko, ine ndimagula usipa ku Makawa n'kumakagulitsa ku Namwera, ndipo katunduyo ndimanyamulira Nissan 1400 imene anandisiyira malemu malume anga. Galimotoyi yakalamba ndithu. M'mawa siilira pokhapokha anyamata ataikankha, paipi ya madzi ndinaikulunga ndi linya, ekizozi ndinaimanga ndi waya, ndipo thanki itayamba kudontha ndinamatapo sopo. Pokwera Chowe imatentha, choncho ndimayenda ndi chigubu cha madzi a m'nyanja. Mwezi wathawu mafuta a mabuleki anatha ndili m'njira, mnzanga wina n'kundiuza kuti ndithiremo madzi a sopo, ndipo ndinafika bwinobwino. Mayi a kunyumba akuti ndiigulitse, koma ndalama yogulira ina ndilibe. Kodi ndipitirize kuyenda nayo chonchi? Ndine wamalonda a usipa, ku Mpondasi.

YANKHO: Bambo, galimotoyo musafulumire kuigulitsa. Nissan 1400 inapangidwa ku South Africa mpaka chaka cha 2008, choncho zipangizo zake zikupezekabe, ndipo injini yake ndi yosavuta moti makaniko aliyense wapansi pa mtengo wa mango amaidziwa. Koma mwa zonse zimene mwalembazi pali chimodzi chimene chandichititsa mantha, ndipo ndiyambira chomwecho.

Madzi a sopo m'mabuleki mwawachotsa kodi? Ngati akadali momwemo, galimotoyo isachoke pakhomo. Mafuta a mabuleki a mtundu wa DOT 3 akakhala atsopano sawira mpaka kutentha kufike madigiri 205, a DOT 4 amapirira mpaka 230, pamene madzi amawira pa madigiri 100 okha. Pamalo a see ngati kuchoka pa Boma la Mangochi kupita ku Makawa simungaone kusiyana kwake, chifukwa madzi nawonso amakankha mabuleki. Vuto limabuka potsika Chowe, pamene mwendo sukuchoka pa pedulo m'makona onse aja: mabuleki amatentha, madziwo amasanduka nthunzi, ndipo popeza nthunzi imafinyika, pedulo imangolowa mpaka pansi galimoto ikuthamangabe. Munafika tsiku lija chifukwa cha mwayi, osati chifukwa cha nzeru za mnzanuyo. Ngakhale galimoto itangoima, madziwo akhala akudyetsa dzimbiri mapaipi ndi masilinda mwezi wonsewu.

Dziwaninso kuti mafuta a mabuleki satha ngati petulo. Akaphwa ndiye kuti pali pamene akuchuchira. Gwadani muyang'ane mbali ya m'kati ya matayala onse anayi, makamaka akumbuyo. Tayala limene lanyowa ndipo lamatirira fumbi ndilo lili ndi silinda yotha marabala. Pakapanda kunyowa paliponse, muyang'ane pa masitala silinda, pamene pamakhala kabotolo kothiramo mafuta a mabuleki, komanso kuseri kwa pedulo. Makaniko asinthe marabalawo, akhuthule madzi onse, athire mafuta atsopano n'kutulutsa mpweya tayala ndi tayala. Zikakonzeka, muzitsika phirilo mu giya yachiwiri kuti injini izithandiza kugwira galimoto, ndipo chizolowezi chotsetsereka mu nyutulo pofuna kupulumutsa petulo muchisiye.

Za kutentha, madzi a m'nyanja ongothira tsiku ndi tsiku amasiya dzimbiri ndi zinyalala zimene zimatseka timapaipi ta redieta, ndiye chifukwa chake pamtunda imalephera kuziziritsa, makamaka m'dzuwa la Okutobala la kwathu kuno. Redietayo itsukidwe, chivundikiro chake chisinthidwe ngati rabala latha, ndipo muone ngati lamba wa fani sanakhwefuke. Linya ndilibe nalo mlandu, inenso linandifikitsapo kunyumba usiku, koma ntchito yake ndi ya ulendo umodzi. Paipi yatsopano ndi yotchipa kwambiri poyerekeza ndi gasiketi, chomatira cha pakati pa injini ndi mutu wake (hedi), imene idzapsa tsiku limene linyalo lidzamasuka inu osaona. Injini ikawira musatsegule chivundikiro nthawi yomweyo, ndipo musathire madzi ozizira mpaka itapola, kuopa kung'alula hedi. Mukasolola chitsulo choyezera oilo n'kupeza oiloyo akuoneka ngati tiyi wamkaka, ndiye kuti gasiketi yapita kale.

Sopo amagwira pa thanki chifukwa petulo samusungunula msanga, koma mvula ikangoyamba, madzi a m'zithaphwi amamukokolola. Gulani phala lomatira zitsulo lija amasakaniza mitundu iwiri, ndipo musalole wowotcherera kuyandikiza moto pa thanki yosatsukidwa, pakuti mpweya wa petulo wotsalira m'katimo umaphulika. Waya wa ekizozi musiyeni, bola utsi usamalowe mokhala anthu.

Zokankhazo zingadikire, ngakhale anyamatawo mwina atopa nanu. Palani mitu ya batire, kenaka makaniko aiyeze mphamvu: batire yabwino imaonetsa mavolti pafupifupi 12.6 injini itazima, ndi pafupifupi 14 ikulira. Ikakhala pansi pa 13 injini ikulira, olakwa ndi otaneta, chipangizo chimene chimatchaja batire, kapena lamba wake, ndipo batire yatsopano ingakhale kutaya ndalama chabe.

Mayi a kunyumba muwauze kuti phindu la maulendo awiri akubwerawa lipita ku mabuleki ndi redieta, ndipo maulendo awiriwo usipa wanu ukwere matola.