Chingerezi chokha ku Morocco, ndi nkhani ya ma taxi

Achimwene, mwafunsa ngati mungayende ku Morocco mukudziwa Chingerezi chokha, komanso za mayendedwe. Ku Marrakech ndi ku Fes, komwe alendo amachuluka, chimakwanira. Mukapatuka pang'ono, anthu amalankhula Darija, Chiarabu chakwawoko, kapena Chifalansa, ndipo kumapiri a Atlas mumva Tamazight. Musananyamuke, lowezani manambala a Chifalansa. Pokambirana mitengo ndi pomwe mudzawafune.

Ma taxi ang'onoang'ono amangozungulira mumzinda, ofiira ku Casablanca, abuluu ku Rabat. Muuzeni dalaivala ayatse mita musananyamuke. Akakana tsikani, ina ili m'njira. Ma taxi akuluakulu opita kutali sanyamuka mpaka atakwana anthu 6, kudikira kwake ngati kwa minibasi za pa Wenela. Ngati mukuchoka ku Tangier kupita ku Casablanca, kwerani sitima yapamtunda ya Al Boraq, yomwe inayamba mu 2018. Ndi maola awiri ndi mphindi zochepa basi.

Kumsika, mtengo woyamba si mtengo weniweni, ndipo wogulitsa amayembekezera kuti munenerera. Akakupatsani tiyi wa mint uja, wa shuga wambirimbiri, imwani mosaopa. Kumwa si kugula. Koma pa bwalo la Jemaa el-Fna ku Marrakech musajambule anthu oseweretsa njoka kapena anyani musanagwirizane za ndalama. Pamenepo mkangano suchedwa.

Ngati si inu Msilamu, m'mizikiti yambiri simuloledwa kulowa. Wa Hassan II ku Casablanca ndiye umalandira alendo pa nthawi zoikika. Lachisanu masana masitolo ambiri amatseka, anthu ali kumapemphero ndiponso kukadya couscous, chakudya chopangidwa ndi tirigu, kwawo.