Tifunseni: Kufufuza mbiri ya kwanu m'zithunzi zakale

Funso: Ndikufuna kuona mmene Nsanje inkaonekera nthawi ya atsamunda, koma ndikafufuza sindipeza kanthu. Ndiyambire pati? (Owerenga a ku Nsanje)

Yankho: Chikukulepheretsani ndi dzina. Atsamunda ankati Port Herald, ndipo zithunzi zakale zinalembedwa choncho. Mangochi inali Fort Johnston, Mchinji Fort Manning, Chitipa Fort Hill, ndipo Thyolo ankailemba kuti Cholo. Fufuzaninso pa nkhani za njanji, poti njanji yochokera ku Port Herald inafika ku Blantyre mu 1908 ndipo ojambula ankakonda masiteshoni ndi madoko a pa Shire.

Yambirani ku National Archives ku Zomba, komwe anayamba kusunga zolemba za boma mu 1947. Pemphani zithunzi pamodzi ndi malipoti a pachaka a ma DC, chifukwa lipoti ndi limene limakuuzani chaka chimene msika kapena chipatala chinamangidwa. Mukachoka uko pitani ku laibulale ya Society of Malawi m'nyumba ya Mandala ku Blantyre, yomangidwa mu 1882. Musadabwe kupeza mzungu atchulidwa dzina lonse pamene makolo athu khumi omwe aima naye alibe dzina ndi mmodzi yemwe. Mayinawo mukawafunse kwa mafumu, ku mishoni ndi kwa okalamba, mutanyamula kope ya chithunzicho.

Funso: Tili ndi chithunzi cha agogo chosalembedwa chaka. Tingadziwe bwanji? (Owerenga a ku Dedza)

Yankho: Yang'anani kumbuyo kaye, mwina pali chidindo cha situdiyo. Kenako onani zimene zili kuseri kwa munthuyo. Mitengo ya katundu ikalembedwa m'mapaundi ndi masheleni, ndiye kuti 1971 isanafike, chaka chimene kwacha ndi tambala zinayamba. Mbendera yakuda, yofiira ndi yobiriwira ya dzuwa lotuluka inayamba mu 1964. Muchithunzi mukakhala mwana amene mukudziwa chaka chake chobadwa, msinkhu wake ukupatsani yankho labwino kuposa zovala, poti jekete limodzi linkavalidwa zaka zambiri.

Funso: Kalabu yathu ya mbiri ikufuna kuchita chionetsero kusukulu. Makolo akuopa kuti tiononga zithunzi zawo. (Aphunzitsi a ku Karonga)

Yankho: Makolowo akuopa zoona. Chithunzi chenichenicho musachikhome pakhoma: dzuwa limafufutsa chithunzi, makamaka cha mitundu, ndipo selotepi imasiya banga lachikasu losachoka. Pangani sikani pa 600 dpi (muyeso wa kuoneka bwino kwa sikani, madontho 600 pa inchi iliyonse), sindikizani makope, zenizenizo bwezani tsiku lomwelo. Potumizirana pa WhatsApp tumizani ngati dokyumenti, apo ayi chimafika chitachepa mphamvu ndipo nkhope zimasokonekera mukachikulitsa.

Kulamineta ayi ndithu. Kutentha ndi guluu wake zimalowerera, ndipo pulasitikiyo simudzaichotsanso. Kumbuyo lembani ndi pensulo yofewa m'mphepete, osati bolopeni, yomwe imaboola ndi kudontha inki. Zithunzi zomatirirana chifukwa cha chinyontho musazikoke, zimang'amba nkhope. Sungani chilichonse mu envulopu yakeyake, m'bokosi lokwezeka, kutali ndi khoma la chinyontho, chuku, mphemvu ndi chiswe.

Pansi pa kope iliyonse lembani anthu, malo, chaka ndi mwini chithunzi, ndipo chaka chongoyerekeza muchitchule kuti ndi chongoyerekeza. Musanayambe, tengani ophunzira akaone mmene a Cultural and Museum Centre Karonga, pafupi nanu pomwepo, amayalira ndi kufotokozera zinthu zawo.