Mayi akubwera ku Joni: muwatengere kuti kukaona zakale?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa m'bale wathu amene akukhala ku Johannesburg. Ndaidula pang'ono, koma mfundo yake ndi iyi: "Ndatha zaka zitatu kuno ku Joni, koma malo amene ndimawadziwa ndi kuntchito, kutchalitchi ndi ku Park Station kokwezera katundu wopita kumudzi. Mu Disembala mayi anga akubwera kudzandiona limodzi ndi mdzukulu wawo wa zaka 9. Sindikufuna kumangowazungulitsa m'mashopu. Malemu bambo anga anagwirapo ntchito m'migodi ya kuno nthawi ya Wenela, ndipo mayi amafunsafunsa za moyo umene bambo ankakhala. Ndi myuziyamu ziti zoti ndiwaonetse? Masiku anga opuma ndi atatu okha."

Achimwene, zikomo polemba. Ndiyambe ndi kukuletsani chinthu chimodzi: musakonze zoona malo ambirimbiri. Joni ndi wotambalala, misewu yake imadya nthawi, ndipo nyumba zambiri zosungira mbiri mumzindawu zimatopetsa mtima kuposa miyendo. Malo awiri pa tsiku akwana. Mukawonjezera achitatu, mayi adzangoti "eya, eya" uku maso akusaka benchi.

Aliyense amene mungamufunse adzakutumizani ku Apartheid Museum. Sakunama, ndipo tifikako. Koma ine ndikanayambira ku Constitution Hill, ku Braamfontein, pamtunda pafupi ndi Hillbrow. Chifukwa changa n'chakuti kumeneko simuwerenga mbiri pakhoma pokha ayi, mumaponda pamene zinthuzo zinachitikira. Inali ndende. Mpanda wake wakale, wotchedwa Old Fort, unamangidwa m'zaka za m'ma 1890 pa ulamuliro wa Paul Kruger, mzindawu uli wakhanda, pakuti golide anapezeka mu 1886. Ndendeyi inatsekedwa mu 1983. Mahatma Gandhi anagonamo mu 1908. Nelson Mandela, Albert Luthuli ndi Robert Sobukwe anadutsamonso. Koma mayina akuluakuluwo asakuphimbeni maso. Unyinji wa amene anadzaza zipindazo anali anthu wamba ogwidwa chifukwa chosowa chitupa choyendera mumzinda wa azungu.

Pemphani munthu wokuperekezani, musayende nokha. Akakulowetsani ku Number Four, gawo limene ankatsekerako amuna akuda, mudzaona zipinda zimene ankapanikizamo anthu ochuluka kuposa malo ake, chimbudzi chili pakona pomwepo. Pabwalo pamene ankadyera pamayang'anizana ndi zimbudzi zopanda zitseko. Pakhoma pali ndondomeko ya chakudya, chosiyanitsidwa potengera khungu, mpaka nyama ndi shuga. Adzakuuzani za tausa: akaidi ankawavula n'kuwauza kuti adumphe, atembenuke, awerame pamaso pa anzawo onse, ati kufufuza ngati abisa kanthu m'thupi. Pamenepo, poti muli ndi mayi, mungachite bwino kuima pataliko pang'ono, iwo amve okha. Kumapeto kuli mzera wa tizipinda totsekeramo munthu yekhayekha, ta zitseko zachitsulo zimene akaidi anakandapo mayina ndi mawu awo. Ine nditalowa m'kamodzi n'kukoka chitseko, sindinathe ngakhale mphindi imodzi. Ndinatuluka ndikunamizira kutsokomola.

Ku ndende ya amayi musathamangeko. Nyumbayo kunja ndi yokongola, ya njerwa zofiira, moti mukhoza kuiyesa sukulu ya mishoni. Albertina Sisulu ndi Winnie Madikizela-Mandela anatsekeredwamo. Koma amene adzawakhudze mayi anu ndi amayi osatchuka aja, omangidwa chifukwa chofulula mowa kuti adyetse ana. Mayi wa kwathu aliyense amadziwa mnzake amene anaphunzitsa ana ndi mbiya ya masese.

Mukachoka mumdima umenewo mumalowa m'khoti lalikulu loona za malamulo a dziko, Constitutional Court, limene nyumba yake inatsegulidwa pamalo pomwepa mu 2004. Njerwa zina za khotili anazigumula ku nyumba imene ankasungiramo akaidi oyembekezera mlandu. Chizindikiro chake ndi anthu atasonkhana pansi pa mtengo. Zipilala za m'chipinda cholandirira alendo n'zopendekeka ngati thunthu, ndipo dzuwa limalowa modontha ngati likudutsa m'masamba. Mayi sadzafunika womasulira: ndi bwalo la amfumu pansi pa kachere, kungoti lino lili ndi oweruza 11, ndipo kutsogolo kwa mipando yawo anakutako zikopa za ng'ombe. Ngati mulibe mlandu tsiku limenelo amalola kusuzumira mkati. Muone kazenera kakatali kopingasa kumbuyo kwa oweruza. Kali polingana ndi msewu, choncho mumangoona miyendo ya odutsa, osadziwa kuti mwini wake ndi bwana kapena wogulitsa tomato.

Madzulo a tsiku lomwelo muoloke Nelson Mandela Bridge kupita ku Newtown. Kumeneko kuli kamyuziyamu kakang'ono kamene alendo ambiri amakadumpha, Workers' Museum, ndipo pa funso lanu ndi kofunika kuposa ena onse. Ndikuuzeni zoona musanakhumudwe: sinali komboni ya mgodi. Inamangidwa mu 1913 kuti muzigona amuna ogwira ntchito za khonsolo ya mzinda, ndipo inagwira ntchito mpaka m'zaka za m'ma 1980. Koma kamangidwe kake ndi komwe kaja ka m'migodi: nyumba zozungulira bwalo, khomo limodzi lolowera kuti kapitawo aone aliyense, akazi ndi ana osaloledwa. Pogona pake ndi timakoma ta simenti tondondozana, munthu aliyense kampata kake, pamwamba pali thandala la matabwa pogona ena. Palinso kachipinda kotsekeramo olakwa, ndipo chapafupi pali nyumba zooneka bwino zimene munkakhala antchito achizungu ndi mabanja awo. Mayi agwire simentiyo ndi dzanja. Mu Disembala ndi yozizira kale, nanga mu Juni wa ku Joni?

Pamenepo ndi pokambira za bambo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa. Ankasaina kontirakiti kwathu, n'kukwera ndege za Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi, zodzera ku Francistown, ku Botswana. Mu Epulo 1974 imodzi mwa ndegezo inagwa itangonyamuka ku Francistown, ndipo Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kumudzi anafera pomwepo. Kamuzu Banda anaimitsa ntchito yolemba anthu. Inayambiranso mu 1977, dzina lodziwika litakhala Teba, koma anthu anali ochepa, ndipo inatheratu chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 pa mkangano wa kuyeza magazi a HIV. Ife kumudzi tinkangoona zobwera nazo: njinga, wailesi, bulangete lolemera, sutikesi yachitsulo, ndi mawu achilendo a Fanakalo, chiyankhulo cha m'migodi, amene madala ankakalipira nawo agalu. Pogona pawo sankatiuza. Mwina n'chifukwa chake mayi akufunsabe mpaka lero. Ndipo mdzukuluyo mumuuze kuti mmodzi mwa anthu oyamba kusonkhanitsa antchito akuda a dziko limenelo kukhala gulu lamphamvu anali wa kwathu, Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay, amene anayambitsa bungwe la ICU ku Cape Town mu 1919.

Chenjezo langa pa Newtown ndi loti muimbe foni kaye. Malo ang'onoang'ono a m'katikati mwa mzinda nthawi zina mumapeza chitseko chotseka popanda chikwangwani. Zinandichitikirapo pa nyumba ina ya zakale mumzindamo: ndinalipira takisi kuchokera kutali, n'kukapeza mlonda yekha akuwothera dzuwa.

Tsiku lachiwiri ndiye la Apartheid Museum, kummwera kwa mzinda, pafupi ndi Gold Reef City. Inatsegulidwa mu 2001. Lawirirani, ndipo muipatse maola atatu kapena anayi. Tikiti imene amakupatsani pakhomo imakusandutsani mzungu kapena wosakhala mzungu mwamwayi chabe, ndipo makomo olowera ndi awiri. Mukhoza kupezeka mayi alowera kwa azungu inu kwa akuda. Mudzaseka, koma kuseka kwake sikupita patali. Mkati muli zolemba zambiri m'Chingerezi, choncho ngati mayi sachiwerenga mofulumira musayese kumasulira khoma lililonse. Sankhani. Imani pa zithunzi za Ernest Cole, amene anajambula mobisa moyo wa anthu akuda m'zaka za m'ma 1960. Pali chimodzi cha amuna ofuna ntchito ya mgodi, atafola ali mbulanda, manja m'mwamba, kudikira dokotala. Muwachenjeze mayi musanafikepo. Imaninso m'chipinda chimene mwalendewera zingwe 131 zopachikira anthu, kukumbukira amene ananyongedwa pa milandu ya ndale. Khoti lija munaliona dzulo lake ndi limene linathetsa chilango cha imfa m'dzikomo mu 1995. Pali ndi chigalimoto chachikasu cha apolisi, Casspir, chimene chinkalowa m'makomboni.

Ife Amalawi tikamayenda m'menemo tizikumbukiranso mbali yathu. Boma lathu linakhazikitsa ubale wa ukazembe ndi boma la tsankholo mu 1967, nduna yaikulu ya bomalo John Vorster anabwera ku Malawi mu 1970, Kamuzu anakacheza ku South Africa mu 1971, ndipo ndalama za ku Pretoria zinathandiza kumanga likulu la Lilongwe. Mayi zakazo anaziona ndi maso. Afunseni zimene ankamva pa wailesi nthawi imeneyo, mudzamva zimene sizili pakhoma.

Mwana wa zaka 9 ine sindingamulowetse. Mavidiyo ena ndi a anthu akuomberedwa ndi kumenyedwa. Ngati pali mlamu kapena mnzanu woti atsale naye, akasewere pa makatungwe a ku Gold Reef City. N'zodabwitsa ndithu kuti uli pakati pa zingwe zopachikira anthu, kunja kukumveka kukuwa kwa ana osangalala. Malo amasewerawo anamangidwa pa mgodi wakale wa Crown Mines, ndipo chinsanja chake chachitsulo chidakalipo. Mufunse ngati akutsitsabe alendo pansi. Ngati mawondo a mayi angalole, chisote ndi nyali kumutu zidzawauza za bambo zimene ine sindingathe kulemba.

Mphamvu zikatsala, Soweto sali patali. Hector Pieterson Museum ku Orlando West, yotsegulidwa mu 2002, imafotokoza za 16 Juni 1976, pamene ana asukulu anakana kuphunzitsidwa m'Chiafrikaans apolisi n'kuwaombera. Chithunzi cha Sam Nzima, cha Mbuyisa Makhubu atanyamula Hector, mmodzi mwa ana oomberedwawo, mlongo wa Hectoryo Antoinette akuthamanga pambali, munachionapo ndithu. Nyumba ya Mandela, nambala 8115 pa Vilakazi Street, ndi ya tizipinda tinayi, mphindi makumi awiri zikwana. Msewuwo uli ndi mbiri yoti munakhala anthu awiri olandira mphoto ya mtendere ya Nobel, winayo ndi Desmond Tutu, koma masiku ano wadzaza malo odyera ndi ogulitsa ziboliboli, ndipo mitengo yake ndi ya alendo. Jambulani chithunzi, mukadyere kwina.

Tsiku lachitatu likhale la mdzukulu, wapirira mokwanira. Sci-Bono Discovery Centre ku Newtown ndi malo a sayansi kumene mwana amaloledwa kugwira, kukoka ndi kudina, osamva "usakhudze". Koma ine mtima wanga uli ku Origins Centre, pa yunivesite ya Wits, yotsegulidwa mu 2006. Muli zida zamiyala za anthu akalekale ndi zojambula za pamiyala za anthu a mtundu wa San. Ngati kwanu ndi cha ku Dedza mudzaona ngati mwafika pakhomo, chifukwa m'mapanga a ku Chongoni muli zojambula zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa, pamalo 127, ndipo UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse m'chaka chomwecho cha 2006. Ambirife timadutsa pa Linthipe osapatukako, n'kukadabwa ndi za eni ake ku Joni.

Mukapeza galimoto, Maropeng, myuziyamu ya chiyambi cha munthu, ili pafupifupi ola limodzi kumpoto chakumadzulo kwa mzinda, m'dera la Cradle of Humankind. Pafupi pake pali mapanga a Sterkfontein, kumene Robert Broom anapeza chigaza cha mmodzi mwa abale akalekale a munthu, chotchedwa Mrs Ples, mu 1947. Ana amakonda kabwato ka pansi pa nyumba ya Maropeng. Mukabwerera ku Malawi mudzamumalizitse nkhaniyo ku myuziyamu ya ku Karonga, kumene kuli Malawisaurus ndi mbiri ya chibwano cha munthu wakale cha zaka zoposa 2 miliyoni chimene chinapezeka ku Uraha mu 1991.

Za kayendedwe mukuzidziwa kuposa ine. Ndi munthu wamkulu, itanani galimoto ya pafoni ikakutuleni pakhomo penipeni, musawayendetse mayi wapansi kudutsa Hillbrow chikwama chili paphewa. Basi yofiira ya alendo, yopanda denga pamwamba, imaima pa Constitution Hill ndi pa Apartheid Museum, ndipo mdzukulu adzaikonda, kungoti mvula ya Disembala ku Joni imabwera masana ndi mabingu, nthawi zina ndi matalala. Onani masiku otsegula pa intaneti, makamaka Lolemba ndi sabata ya Khrisimasi, ndipo mutenge mapasipoti, pakuti malo ena mtengo wa nzika ndi wa mlendo umasiyana.

Asananyamuke kumudzi, muwaimbire mayi afufuze m'sutikesi muja. Mwina muli chithunzi cha bambo, khadi la Wenela, kapena envelopu yokhala ndi dzina la mgodi. Migodi yambiri imene anthu athu ankapitako sinali mumzinda weniweni, inali cha ku Carletonville, Klerksdorp kapena Welkom. Akapeza dzinalo mundilembere, tione ngati ndi ulendo wotheka kupita ndi kubwerera tsiku limodzi.