Kodi woweta ng'ombe angasamale mahatchi? Yankho kwa achimwene a ku Dedza

Mnyamata wina wa ku Dedza wandilembera pa imelo, ndipo funso lake ndalifupikitsa motere: "Amalume anga amagwira ntchito pa kafamu ka mahatchi kufupi ndi Johannesburg, ndipo akuti abwana awo akufuna munthu wina wothandiza. Pafamupo amaweta, amaphunzitsa, komanso amapita ndi mahatchiwo ku zionetsero. Ine ndakula ndikuweta ng'ombe za agogo, koma hatchi sindinaikhudzepo, ndipo ndimaiopa. Ntchitoyi imakhala yotani tsiku ndi tsiku? Kodi munthu ngati ine angafike pophunzitsa hatchi, kapena ndidzangokalamba ndikuwola ndowe?"

Achimwene, zikomo pondikhulupirira ndi funso lotereli. Mungathe, ndipo musakayike. Kwathu mahatchi ndi osowa, munthu amachita kuwaona pamwamba pa phiri la Zomba kapena kunyanja ku Kande, choncho ambiri mwa ife amene timagwira ntchitoyi kuno ku Joni tinayamba ngati inu, tisanagwirepo ndi chingwe chomwe. Ubusa wa ng'ombe uja unakupatsani chinthu chachikulu, chomwe ndi diso lozindikira kuti chiweto ichi lero sichili bwino ngakhale chaimirira. Gwirani chimenecho. Koma zina zambiri zimene munazolowera ku dambo muyenera kuzisiya kaye, chifukwa pa hatchi zimapha.

Ndiyambe ndi mimba, popeza ndi kumene mahatchi ambiri amafera. Ng'ombe imadya mwachangu kenako n'kukagona pamthunzi kumabzikula. Hatchi sibzikula. Nyama yolemera makilogalamu 500 ili ndi chifu cha malita 8 mpaka 15 basi, ndiye imafuna kudya pang'onopang'ono pafupifupi tsiku lonse. Komanso siitha kusanza, chalowa chalowa. Mukaipatsa chimanga kapena madeya ambiri nthawi imodzi, mukaisinthira chakudya mwadzidzidzi, kaya mukaipatsa udzu wankhungu, imadwala m'mimba, nthenda imene kuno aliyense amaitchula kuti colic. Mudzaona ikupalasa pansi ndi mwendo, ikucheukira kumimba kwake, ikugona n'kudzuka, kugubuduka, thukuta lili kamukamu, chakudya osachiyang'ana n'komwe. Mukaona zimenezi chotsani chakudya chonse ndipo uzani abwana nthawi yomweyo aitane dokotala, ngakhale pakati pa usiku. Palibe mwini mahatchi wanzeru amene angakukalipireni chifukwa chomudzutsa pa nkhani ya colic.

Zinthu ziwiri zimene anyamata atsopano amachita ndi mtima wabwino n'kupweteka nazo chiweto ndi izi. Pa kafamu kakang'ono mudzatchetchanso kapinga wa pabwalo la abwana, ndipo mulu wa udzu wobiriwira wotuluka m'makina uja umaoneka ngati chakudya chabwino. Musaupereke, umasasa msanga ndipo hatchi imaumeza osatafuna. Chachiwiri, chakudya cha m'matumba cha ng'ombe kapena nkhuku chisayandikire hatchi, chifukwa china chimakhala ndi mankhwala otchedwa monensin amene amawononga mtima wake ngakhale atakhala ochepa. Chakudya chake chenicheni ndi udzu wouma wa m'mabelo, kuno ku Gauteng makamaka teff ndi eragrostis, kuonjezera lucerne pang'ono. Hatchi yaikulu imadya pafupifupi makilogalamu 10 patsiku ndi kumwa malita 25 mpaka 50 a madzi, kuposanso apo kukatentha.

Tsiku limayamba kusanache bwino. Musanagwire wilibala kapena foloko, yendani khola ndi khola kungoyang'ana. Yamaliza udzu wa usiku? Madzi mundowa atsika bwanji? Ndowe zilipo zingati, zofewa kapena zouma? Yaima ndi miyendo yonse inayi mofanana? Ndowe zomwe mukuziderera m'kalata mwanu zija ndi zimene zimayamba kukuuzani kuti m'mimba mwavuta, abwana asanadziwe, dokotala asanadziwe. Pambuyo pake ndiye kudyetsa, kutulutsira mahatchi kumsipu, kuwola ndowe ndi utuchi wonyowa, kutsuka ndowa, kupesa ndi burashi, kukolokosa miyala ndi matope m'ziboda. Ziboda zimenezi n'za tsiku lililonse, osaphonya, ndipo masabata 6 aliwonse kapena chapompo amabwera farrier kudzaziwenga ndi kukhomera nsapato zachitsulo. Kenako amene akuphunzira amaphunzitsidwa, okweredwa amakweredwa, inu mukumanga zishalo, kumasula, kusambitsa a thukuta. Masana udzu wina. Madzulo kulowetsa, kudyetsa, ndipo musanagone kuzunguliranso kamodzi. Lamulungu, Khirisimasi, mvula kaya chisanu cha mu Juni chimene madzi amaundana mundowa, dongosolo ndi lomwelo. Msana umapweteka miyezi yoyamba, ndisakubiseni.

Pali mdani wina amene muyenera kumudziwa musananyamuke, nthenda ya African horse sickness. Imafalitsidwa ndi tizilombo touluka ting'onoting'ono kuposa udzudzu, timene timaluma kwambiri dzuwa likamalowa, usiku, ndi m'bandakucha. Imavuta chakumapeto kwa dzinja, cha mu Febuluwale mpaka Meyi, kufikira chisanu chitagwa n'kupha tizilomboto. Ikagwira hatchi yosabayidwa katemera, kawirikawiri imapha. Imayamba ndi kutentha thupi, kenako m'maenje a pamwamba pa maso muja mumatupa, mutu n'kufufuma, kapena mapapo amadzaza madzi mpaka thovu kutuluka m'mphuno. N'chifukwa chake nyengo imeneyo timalowetsa mahatchi dzuwa lisanalowe ndipo sitiwatulutsa mpaka mame atauma, timawapopera mankhwala othamangitsa tizilombo, ndiponso timayeza kutentha kwa thupi m'mawa uliwonse. Hatchi yabwinobwino imakhala pakati pa madigiri 37.5 ndi 38.5, ikapitirira, thamangani kukanena. Katemera wake, amene anthu amudziwa kwa zaka zambiri kuti amachokera ku Onderstepoort kufupi ndi Pretoria, amabayidwa kawiri motalikirana masabata atatu, pakati pa 1 Juni ndi 31 Okutobala. Boma limailondoloza nthendayi kwambiri moti hatchi siingalowe m'dera lozungulira Cape Town popanda chilolezo. Nkhupakupa mukuzidziwa kale. Kuno zimabweretsa nthenda ya biliary, imene imafoola hatchi ndi kuyeretsa kapena kuchititsa chikasu nkhama zake. Fufuzani pansi pa mchira, m'makutu ndi m'manyenje.

Tsono za mantha anuwo. Ine ndimakonda mnyamata wamantha pang'ono kusiyana ndi wodzichemerera, chifukwa wamantha amayang'ana. Chimene muyenera kumvetsa n'chakuti hatchiyo ndi yamantha kuposa inu. Ndi nyama yothawa adani, ndipo kapepala kouluka ndi mphepo kangaidzidzimutse. Imaona bwino m'mbali, koma siiona kumbuyo kwake kwenikweni ndi pafupi penipeni ndi mphumi pake. Choncho muziifikira cha paphewa, mukulankhula nayo chapansipansi. Chichewa chomwechi imamva bwino, poti imatsata kamvekedwe ka mawu. Podutsa kumbuyo, dutsani pafupi dzanja lili pathako pake, apo ayi patali ndithu. Malo apakatikati ndiwo amene chiboda chimafika ndi mphamvu zonse. Makutu akagonekedwa kumbuyo, yakwiya. Poikoka muziima kumanzere kwake, ndipo chingwe musachikulunge padzanja ngakhale kamodzi, chifukwa ikathawa imapita ndi zala. Valani majombo, osati masilipasi.

Ndipo chikwapu chija ndi miyala imene tinkabwezera ng'ombe, zisiyeni ku Dedza. Apa ndi pamene ndimapsa mtima ndikaona anzathu ena. Hatchi yomenyedwa kumutu siiwala, imakhala yozemba dzanja kwa zaka, ndipo wovutika nayo ndi amene adzabwere pambuyo panu kudzaiveka zingwe.

Mwafunsa ngati mungafike pophunzitsa. Achimwene, tsiku limene mudzagwire chingwe koyamba mudzakhala mwayamba kale kuphunzitsa, kaya bwino kaya moipa. Hatchi imaphunzira motere: mwaikankha pang'ono pachifuwa kuti ibwerere m'mbuyo, yasuntha phazi limodzi, inu n'kuchotsa dzanja nthawi yomweyo. Kuchotsa dzanjako ndiko kumaiuza kuti yachita bwino. Mukachedwa kuchotsa, siidziwa chimene munkafuna. Mukachotsa isanasunthe, yaphunzira kuti kukana kumathandiza. Nzeru yonse ya kuphunzitsa yagona pamenepa, kuyambira pa kukweza mwendo mpaka kudumpha mipanda ikuluikulu. Wokwera amakhala nayo ola limodzi patsiku kapena kuchepera; maola otsalawo ili m'manja mwa groom, wosamalira hatchi tsiku ndi tsiku, amene ndi inuyo. Ikamakuponderani pakhomo la khola inu n'kumailekerera, kuchionetsero idzaponderanso abwana.

Pa kafamu koweta mudzaona zonse kuyambira pachiyambi, ndipo uwu ndi mwayi umene kumakhola aakulu a mijaho simungaupeze msanga. Bere la hatchi limatenga pafupifupi miyezi 11, ndipo kuno ana ambiri amabadwa kuyambira Ogasiti kupita m'tsogolo, nthawi zambiri usiku, choncho mudzalondera. Kubereka kwake n'kwachangu, mphindi 20 kapena 30 zatha. Zikachedwa ndiye kuti zavuta. Kamwana kayenera kuimirira pasanathe ola limodzi, kuyamwa mkaka woyamba uja pasanathe maola awiri, ndipo nsengwa ituluke pasanathe maola atatu. Sungani manambala atatu amenewa pamtima. Kuyambira masiku oyambirira kamwanako kamazolowetsedwa dzanja la munthu: kukasisita, kukakweza timiyendo, kukaveka kachingwe kumutu. Kamaletsedwa kuyamwa kakafika cha m'miyezi 6. Hatchi ya zionetsero imayamba kukweredwa ili ndi zaka 3 kapena 4, mafupa atakhwimako, ngakhale kuti za mijaho amaziyamba msanga kuposa apa. Isanakweredwe imazungulitsidwa pa chingwe chachitali kuti iphunzire mawu, kenako chitsulo cham'kamwa, kenako chishalo chopanda munthu, kenako munthu kungotsamira, n'kudzakhala pamsana masiku ena. Sitepe iliyonse imadikira kuti nyamayo ikhale phee. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene amafulumira apa amadzataya miyezi akukonza zimene anawononga m'tsiku limodzi. Ndipo munthu woyamba kugwira chingwe pamene mwana wa hatchi akukweredwa koyamba amakhala groom amene nyamayo imamukhulupirira. Umu ndi mmene ambiri amalowera m'ntchito yophunzitsa.

Zionetsero ndi zokoma kuona, koma kwa ife ndi tsiku lotopetsa kuposa onse. Dzulo lake mumasambitsa, kupukuta zikopa zonse ndi mafuta, kulongedza udzu, ndowa ndi pasipoti ya hatchi, poti iliyonse ili ndi kabuku kake kolembamo maonekedwe ndi katemera. Mumadzuka pakati pa usiku kuluka manyenje timfundo tolingana, kukulunga miyendo, ndi kukweza mungolo. Hatchi yosaphunzitsidwa kukwera ngolo kunyumba imakuchititsani manyazi pamenepa. Mukafika ku Kyalami, kumene kumachitikira mipikisano ikuluikulu ngati South African Derby, kapena ku Shongweni kwa amene ali ku KwaZulu-Natal, ndiye kudikira padzuwa mutagwira chingwe. Mpikisano wodumpha umatha m'mphindi imodzi kapena ziwiri, wa dressage, woonetsa mayendedwe aluso a hatchi, mwina zisanu kapena zisanu n'imodzi. Dzina limene limalengezedwa pa chimkuzamawu ndi la wokwera ndi la hatchi. Lanu silimveka, ndipo nthawi zina zimawawa. Koma anthu odziwa amayang'ana kunyezimira kwa ubweya ndi ukhondo wa ziboda n'kufunsa kuti groom wake ndani, ndipo ntchito zabwino zimapezeka kudzera m'mafunso oterewa.

Kuti mudziwe kuti njira ilipo, funsani za Enos Mafokate. Anabadwira ku Alexandra mu Johannesburg, anayamba ngati groom m'nthawi ya tsankho pamene munthu wakuda sankaloledwa kupikisana ndi azungu, koma anadzakhala wokwera wodziwika mpaka kukapikisana ku Britain, ndipo mu 2007 anatsegula Soweto Equestrian Centre yophunzitsa ana a m'tauni kukwera. Si onse adzafike pamenepo. Koma alipo ambiri amene anayamba ndi wilibala ndipo lero ndi akapitawo a makhola, ophunzitsa ana a mahatchi, ena ndi ma farrier odziimira paokha.

Musanakwere basi, kambiranani momveka ndi amalume. Mapepala choyamba: kugwira ntchito kuno opanda chilolezo kumakusiyani opanda pokadandaula mukaponderezedwa kapena mukavulala, ndipo ntchito iyi ili ndi ngozi. Malipiro amveke musanafike; lamulo la dziko lino lili ndi malipiro otsikitsitsa a pa ola amene amakhudzanso ogwira ntchito m'mafamu, mu 2024 anali R27.58, ndipo amaunikidwa chaka ndi chaka. Funsani ngati pogona ndi magetsi amadula pa malipiro, masiku opuma ndi angati pamwezi, masiku a zionetsero ndi usiku wolondera amalipira bwanji, ndiponso mahatchi ndi angati pa munthu mmodzi. Kafamu kakang'ono kamaphunzitsa zambiri, komanso n'komwe munthu mmodzi amatha kusenzetsedwa makhola, dimba, mpanda ndi agalu omwe. Funsaninso mosabisa ngati abwanawo amalola antchito kuphunzira kuzungulitsa hatchi pa chingwe ndi kukwera. Ena amalola mokondwa, ena safuna n'komwe, ndipo ndi bwino kudziwiratu.

Zikayenda bwino n'kufika, pemphani amalume akuyambitseni ndi hatchi yokalamba yofatsa, kafamu kalikonse kamakhala nayo. Phunzirani pa iyo kukweza ziboda, kuveka zingwe ndi kuyeza kutentha kwa thupi musanapatsidwe zazing'ono zamphulupulu. Gulani kabuku kakang'ono kolembamo dzina la hatchi iliyonse, chimene imadya, ndi kutentha kwake kwa m'mawa. Mukakhazikika mundilemberenso, tidzakambe za kazungulitsidwe pa chingwe chachitali, chifukwa nkhani imeneyo ndi yaitali payokha.