Muuzeni mwanayo za mayi Anastasia Msosa

Amayi, mwati mwana wanu wamkazi ali Fomu 4 ndipo akufuna kudzakhala jaji, koma amalume ake akumugwetsa ulesi kuti ntchito imeneyo ndi ya amuna. Mwafunsa ngati alipo mzimayi wakuno kwathu amene anafika pamwamba woti mumutchulire. Alipo, ndi mayi Anastasia Msosa. Koma pomuuza musayambire pa udindo wawo womaliza, muyambire kumene anachokera.

Mayiwa anabadwa mu 1950 ndipo anamaliza maphunziro a zamalamulo ku Chancellor College mu 1975. Zaka zambiri zotsatira anagwira ntchito m'boma, makamaka ku Legal Aid, komwe loya amayimira anthu osowa ndalama zolembera loya wawo. Ineyo gawo limeneli ndi limene ndimalilemekeza kwambiri. Kumeneko kumabwera mayi wamasiye amene achibale a mwamuna amulanda nyumba, mapepala atawakulunga pa chitenje. Kumabwera mnyamata amene wakhalitsa pa rimandi mlandu wake osalowa m'khoti. Munthu amene wamvetsera madandaulo otere zaka ndi zaka, akadzakhala pa mpando woweruza amadziwa kuti mkati mwa fayilo iliyonse muli moyo wa munthu.

Mu 1992 anakhala mzimayi woyamba kusankhidwa kukhala jaji wa khoti lalikulu. Sipanapite nthawi, anasenzetsedwa chimtolo choti ambiri akanachithawa. A Malawi atavotera ndale za zipani zambiri pa riferendamu ya pa 14 June 1993, mayi Msosa ndi amene anaikidwa kukhala wapampando wa bungwe loyendetsa zisankho. Achinyamata a masiku ano simungamvetse mantha amene tinali nawo. Dr Kamuzu Banda anali atalamula dziko zaka 30, ndipo ambiri sitinkakhulupirira kuti kapepala ka voti kangamuchotse. Pa 17 May 1994 ndinaima pa mzere kuyambira m'mamawa, ndipo masiku otsatirawo tinkangokhala tazungulira wailesi, ana osaloledwa ngakhale kutsokomola. A Bakili Muluzi anapambana, a Kamuzu anavomereza kugonja, dziko silinayake moto. Chisankhocho chikanayendetsedwa mokhota, bwenzi lero tikukamba zina.

Mu 1997 anakwezedwa kupita ku khoti lalikulu la apilo, nakhalanso mzimayi woyamba kumeneko.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi cha mu 2009. Atabwereranso ku bungwe la zisankho, bungwelo linakana kuti a Muluzi apikisanenso, chifukwa malamulo oyendetsera dziko amalola pulezidenti kulamula matemu awiri otsatizana ndipo iwo anali atakwanitsa kale. Tangoganizani: munthu yemwe uja anapambana chisankho chimene mayiwa anayendetsa mu 1994, tsopano akumuuza kuti ayi. Nkhani inapita kukhoti, ndipo khoti linagwirizana ndi bungwelo kutatsala masiku ochepa kuti anthu aponye voti. Anthu ena anawanyoza kwambiri nthawi imeneyo, enanso mpaka lero ali ndi madandaulo awo pa chisankho cha chaka chimenecho. Sindikunena kuti zonse zinayenda bwino. Koma mwana wanu adziwiretu kuti jaji akagamula, mbali imodzi imatuluka m'khoti itakwiya, ndipo nthawi zina mbaliyo imakhala ya anthu amphamvu.

Mu 2013 pulezidenti Joyce Banda anawasankha kukhala mkulu wa majaji onse, kulowa m'malo mwa a Lovemore Munlo. Chaka chotsatira mayi Banda anagonja pa chisankho, ndipo mayi Msosa omwewo ndi amene analumbiritsa a Peter Mutharika. Anapuma pa ntchito mu 2015, m'malo mwawo munalowa a Andrew Nyirenda.

Werengani bwino: kuchoka 1975 kufika 2013 ndi zaka 38. Zimenezi mumuuze mwanayo mosabisa, kuti asadzafooke akadzaona ntchito yake yoyamba ili yonyamula mafayilo afumbi. Pakali pano alimbikire Chingerezi, chifukwa milandu ya kukhoti lalikulu imalembedwa m'Chingerezi ndipo kuwerenga kwake n'kosatha. Pa holide mupite naye ku khoti la majisitireti lapafupi. Milandu yambiri aliyense amaloledwa kulowa n'kumvetsera. Akhale pa benchi yakumbuyo m'mawa wonse, aone yekha. Amalume akewo muwatengenso.